Chaka chathunthu ku Birao: tsiku la msilikali wathu ndi kupukwa kumene amagona nako

Ikamakwana 20:00 ku Chilenje mu Lusaka, ku Birao, kumene kuli asilikali a ku Zambia osungitsa mtendere, imakhala ili 19:00. Mayi amene wamaliza kutsuka mbale n'kukhala pansi kudikira foni amaganiza kuti bambo a ana nawonso aweruka. Nthawi imeneyo mwina iwo ali pakansanja ka alonda, avala chisoti ndi chovala chotchinga zipolopolo, maso ali kutchire, ndipo foni sangaigwire mpaka mnzao adzawalandire. Mikangano yambiri ya m'mabanja a asilikali imayambira pa zinthu zotere. Kunyumba amadziwa tsiku limene munthu wao anakwera ndege pabwalo la Kenneth Kaunda, amadziwanso mwezi umene akuyembekezeka kubwera, koma za pakatipo sazidziwa. Msilikali naye akafunsidwa amangoti "tili bwino," pena chifukwa zina n'zoletsedwa kunena pafoni, pena chifukwa safuna kudandaulitsa ana.

Birao ndi tauni yaing'ono kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Central African Republic, likulu la chigawo cha Vakaga, kufupi ndi malire a Chad ndi Sudan. Nkhondo yapachiweniweni m'dzikomo inafika poipa mu Malichi 2013, pamene magulu a Séléka analanda mzinda wa Bangui n'kuthamangitsa pulezidenti François Bozizé. Magulu ena otchedwa anti-balaka anadzuka kubwezera, ndipo ophedwa ambiri anali anthu wamba. Mu Epulo 2014 bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu losungitsa mtendere la MINUSCA, ndipo kuyambira 2015 Zambia yakhala ikutumiza bataliyoni ya asilikali oposa 700, imene amaitcha ZAMBATT. Gulu limodzi limakhalako pafupifupi chaka, lina n'kudzalilandira. Akuluakulu a m'mabalaki mu Lusaka amakumbukira maulendo ena a m'mbuyomu, ku Mozambique, ku Rwanda, ku Angola, makamaka ku Sierra Leone kumene mu Meyi 2000 zigawenga za RUF zinagwira asilikali a United Nations pafupifupi 500, ambiri mwa iwo a ku Zambia, mabanja kuno n'kukhala masabata angapo osadziwa ngati munthu wao ali moyo.

Nkhondo ya eni ake ilibe mzere woti kuno n'kwathu, uko n'kwa adani. Wogulitsa anyezi pamsika lero angakhale mbale wake wa amene wanyamula mfuti mawa. Boma la pulezidenti Faustin-Archange Touadéra linasainirana pangano la mtendere ndi magulu a mfuti 14 mu Febuluwale 2019, koma mu Seputembala chaka chomwecho magulu awiri, FPRC ndi MLCJ, anamenyana m'kati mwenimweni mwa Birao, ndipo anthu zikwizikwi anathawira kumpanda wa kampu ya MINUSCA. Nkhondo ya ku Sudan itabuka mu Epulo 2023, othawa kwao anayamba kulowera pa tauni ya m'malire ya Am Dafock, ndipo mfuti nazo zimadutsa malire omwewo. Mu Juni 2025 msilikali wa ku Zambia anaphedwa ku Vakaga gulu lolondera litawomberedwa. Ngozi ilipo ndithu. Komabe maola ambiri a msilikali sathera pa kuwombana. Amathera pa kudikira, ndipo ndi m'maola odikirawo mmene mtima umathawira kwao.

Tsiku limayamba kusanache. M'makampu aang'ono a kutchire aliyense amadzuka mbandakucha, kuvala zonse ndi kukaima pamalo ake mpaka kutayera, chifukwa nthawi ya chisisira, m'mawa ndi madzulo, ndi imene adani amakonda kubwera. Kenako kuitana maina, kuyendera mfuti, kumwa mankhwala a malungo, chakudya cham'mawa. Ulonda wa pakansanja kawirikawiri umagawidwa maola awiri pantchito, maola anayi kupuma, usana ndi usiku. Pakumva zimaoneka ngati zopepuka. Koma m'maola anayiwo munthu ayenera kuvula, kudya, kusamba, kuchapa, kupukuta mfuti, ndipo tulo tenitenito timatsala maola awiri kapena atatu. Ukatero sabata zingapo thupi limazolowera kugona mwapatalipatali, mutu umalemera, ndipo kanthu kakang'ono kamakupsetsa mtima. Asajeni odziwa ntchito amasinthasintha maola kuti munthu mmodzi asamangogwera ulonda wa 02:00 masiku onse, chifukwa pa ola limenelo jenereta yokha ndi imene imamveka, ndipo mlonda amayamba kuwerengera ndalama za lendi ndi kuganizira chifuwa cha mwana.

Ena amatuluka kukalondera. Pali ulendo waufupi wozungulira tauni, msika ndi malo a othawa nkhondo, wobwerako tsiku lomwelo. Pali ulendo wautali wa masiku angapo, wogona m'mahema, wodya chakudya cha m'mapaketi. Asananyamuke amauzidwa njira, poima, chochita galimoto ikafa, chochita wina akavulala. Muyezo wa United Nations ndi wakuti wovulala alandire chithandizo choyamba m'mphindi 10, afikiridwe ndi achipatala odziwa m'ola limodzi, ndipo akhale pa opaleshoni maola awiri asanathe. Ku Vakaga mphindi 10 zoyambazo zili m'manja mwa mnzako wapafupi, n'chifukwa chake msilikali aliyense amaphunzitsidwa kumanga lamba woletsa magazi pamkono kapena pamwendo asanachoke ku Zambia. Akafika m'mudzi amalankhula ndi mfumu kudzera mwa womasulira, popeza kumeneko anthu amalankhula Chisango, Chifalansa, Chiarabu ndi zinenero za mitundu yao monga Akara, Agula ndi Arunga. Asilikali aakazi ali ndi ntchito yaoyao pamenepa, chifukwa amayi a m'midzi imeneyo sangauze mwamuna wachilendo zimene zinawachitikira popita kukatola nkhuni.

Chimagwetsa asilikali ambiri si chipolopolo, ndi kutentha ndi malungo. M'miyezi ya Malichi ndi Epulo kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wavala chisoti, chovala chotchinga zipolopolo, mfuti ndi zipolopolo zake, katundu wolemera kuyandikira thumba la ufa la makilogalamu 25. Wogwira ntchito yolemetsa padzuwa lotero amafunika madzi pafupifupi lita imodzi pa ola. Cholakwika chofala n'chodikira ludzu. Ludzu likamafika thupi lataya kale madzi ambiri. Chizindikiro chodalirika ndi mkodzo: ukakhala wachikasu chodera, munthu amwe. Madzi okha opanda mchere nawonso amadwalitsa ngati wina watuluka thukuta tsiku lonse osadya, choncho amamwa ORS, madzi osakaniza ndi mchere ndi shuga wa m'mapaketi, ndipo mapaketi akatha amasakaniza lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Msilikali amene wayamba kubwebweta, kuyenda mopepesuka, thupi lili moto, sayenera kuuzidwa kuti alimbe mtima. Amuvule, amuthire madzi, amukupize, athamange naye kuchipatala cha kampu.

Pa malungo pali chinthu chimene ana a mu Lusaka amachiiwala. Mumzinda muno malungo ndi ochepa poyerekeza ndi ku Luapula kapena kuchigwa cha Luangwa, motero mnyamata wokulira ku Matero kapena ku Kabwata alibe chitetezo chimene ali nacho mnzake wokulira kumudzi. Mankhwala oteteza alipo a mitundu ingapo. Doxycycline amamwa mbulu umodzi wa mamiligalamu 100 tsiku lililonse, atadya, ndi madzi ambiri, ndipo osagona pansi nthawi yomweyo chifukwa amawotcha kum'mero. Mefloquine amamwa kamodzi pa sabata, koma kwa ena amabweretsa maloto oopsa, kusowa tulo ndi nkhawa. Izi n'zofunika kuzidziwa, chifukwa munthu angamadzione ngati wafooka mtima ndi kupukwa pamene vuto lili m'mankhwala, ndipo dokotala akanangomusinthira. Ena amasiya kumwa pakapita nthawi poona kuti sanadwale. Mvula ikangoyamba, amenewo ndiwo amayamba kugonekedwa.

Chakudya sichisowa. Muyezo wa United Nations umafika makalori 4,500 pa munthu patsiku, ndipo ophika ndi anzao a ku Zambia omwe, motero ufa ukakhalapo nsima imaphikidwa. Chimasowa ndi ndiwo zakwathu. Nyama yoziziritsa, nsomba za m'chitini ndi mpunga zimakhutitsa koma sizifika pamtima. Munthu amalakalaka chibwabwa chotendera, kalembula, therere lopaka soda, kapenta wa ku Siavonga wokazinga ndi tomato. Kapaketi ka kapenta kapena ka mfutso kamene wina wabwera nako kuchokera kutchuthi kamagawidwa ngati mankhwala. Anthu a kumeneko amadya nsima ya mapira ndi ya chinangwa, ndipo fungo la mapira akuwira m'mudzi wina limatha kukumbutsa msilikali wa ku Petauke khitchini la agogo ake mosayembekezera.

Chimene chimapweteka mwakachetechete ndi kusemphana kwa nyengo. Birao ili kumpoto kwa ikweta, Zambia ili kum'mwera. Kuno mvula ikamagwa mu Disembala, anthu ali kalikiliki kubzala ndi kusaka feteleza, kumeneko kuli chilimwe cha fumbi, mphepo youma ikuchokera kuchipululu, milomo ikung'ambika. Imeneyonso ndiyo nyengo ya ntchito yambiri, chifukwa misewu yauma, abusa a ng'ombe ochokera ku Sudan ndi ku Chad akutsika ndi ziweto zao kudutsa m'minda ya eni, ndipo magulu a mfuti akuyenda mosavuta. Ndiye msilikali amakhala paulendo wautali pa nthawi yomwe kwao kukufunika munthu woti anene kuti munda wa kudambo ulimidwe ndi ndani. Kuno kukamazizira mu Juni ndi Julayi, anthu atakolola, kumeneko mvula yayamba. Misewu imasanduka matope, madambo amasefukira, ndipo Birao, imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Bangui, imatsala ngati chilumba chofikika pa ndege basi. Galimoto yankhondo ikatitimira pamatope, tsiku lonse limathera pofukula. Masamba ndi zipatso zimachepa m'khitchini, maulendo amachepa, anthu amangokhala m'kampu kuyang'anana nkhope zomwezo. Loweruka lomaliza la Ogasiti, abale ake akamasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, iye amaonera timavidiyo tosamaliza kutseguka pafoni, mvula ikugunda pamalata. Mngoni naye zimamugwira chimodzimodzi mu Febuluwale pa N'cwala ya ku Mtenguleni. Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo miyezi imeneyi ndi imene mawuwo amamveka.

Foni yachepetsa mtunda, koma yabweretsa vuto limene asilikali a ku Sierra Leone analibe. Kale kalata inkafika nkhani itatha kale. Lero mwana akatentha thupi ku Kalingalinga, bambo ake amadziwa ola lomwelo, ndipo palibe chimene angachite koma kukakwera pakansanja ali ndi nkhaniyo m'mutu. Netiweki imabwera n'kupita. Uthenga wa pa WhatsApp umatha kuonetsa kuti wafika koma osayankhidwa masiku atatu chifukwa munthu ali kutchire, ndipo kunyumba kumayamba manong'onong'o. Akuluakulu a asilikali a maiko ambiri amatsekanso mafoni dala pakachitika ngozi, mpaka banja la wovulalayo kapena womwalirayo litauzidwa mwaulemu ndi akuluakulu a usilikali. Choncho kukhala chete kwa foni sikutanthauza kuti wanu ndiye wavulala, ndipo kufalitsa mphekesera m'magulu a pa WhatsApp a amayi a m'balaki ndi nkhanza kwa banja limene silinamve.

Mabanja amene amapirira bwino amakhala atagwirizana zinthu zingapo munthu asananyamuke. Amasankha tsiku limodzi kapena awiri pa sabata oimbirana, n'kuvomerezana kuti likaphonyeka palibe mlandu. Amagwiritsa ntchito mauthenga a mawu ojambula, chifukwa amenewo amadikira netiweki, ndipo msilikali angamvere mawu a mwana wake kakhumi. Safunsa kuti "muli kuti, mukupita liti," ndiponso saika pa Facebook zithunzi zoonetsa m'kati mwa kampu. Nkhani yolemera amaiyamba ndi funso lakuti, "Bambo a Mwayi, mwatsika pantchito kapena mukukwera?" Ife tikuona kuti kubisa zonse n'kulakwa, chifukwa msilikali akadzamva kwa mlamu wake kuti mwana anagonekedwa m'chipatala mwezi wathawu amasiya kukhulupirira chilichonse chimene akuuzidwa. Chofunika ndi kusankha nthawi, ndi kunena vutolo pamodzi ndi chimene chachitidwa kale.

Maliro ndiwo mayeso aakulu. Chilolezo chobwera chimadalira akuluakulu a gulu ndi mmene zinthu zilili, ndipo ngakhale chitaperekedwa, ulendo wake ndi wautali: kudikira ndege ya United Nations yopita ku Bangui, imene sikhala ya tsiku lililonse ndipo mvula imatha kuiimitsa, kenako kuzungulira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi kuti afike ku Lusaka. Ngati maliro ali mumzinda, thupi lingadikire kumotchale masiku angapo asanakaike ku Leopards Hill kapena ku Chingwere. Ngati ali kumudzi ku Katete kapena ku Chadiza, amaika m'masiku awiri kapena atatu, ndipo pamwamba pa ndege pali basi ya pa Great East Road. Ambiri safika. Kwa Mchewa, kusaponya dothi pamanda a mayi ako ndi bala losapola msanga, ndipo pamakhala achibale ena onena kuti anasankha ndalama. Banja lanzeru limamuuza msanga kudzera kwa mkulu wake kapena m'busa wa gulu, osati pa uthenga wa pagulu, limamupatsa mbali yake monga kugula bokosi, ndipo limasunga mwambo womanga chiliza mpaka iye atabwera.

Za ndalama pali kusamvetsa kwambiri. Bungwe la United Nations limabwezera boma lotumiza asilikali ndalama zokwana madola 1,448 pa msilikali pa mwezi, mlingo umene unayamba mu Julayi 2022. Ndalamazi zimapita kuboma, ndipo gawo limene msilikali amalandira limatsatira malamulo a dziko lake. Achibale akangomva za madola amachulukitsa ndi miyezi 12 n'kuyamba kugawana. Wina akufuna malata, wina fizi ya kukoleji, wina mpamba wa malonda pamsika wa Soweto. Msilikali wopukwa savuta kumupempha, chifukwa kutumiza ndalama ndi njira yokhayo imene yamutsalira yoonetsera kuti akadali wa pabanjapo. Cholakwika china ndi kukongola asananyamuke podalira ndalama zimene sizinabwere, kapena mayi kulowa kaloba poganiza kuti adzabweza bambo akabwera, chiwongoladzanja n'kumakula mwezi ndi mwezi. Chachitatu ndi kugula puloti pafoni, kudzera mwa munthu wapakati, popanda kuona mapepala a umwini. Zothandiza n'zodziwika: lendi ndi zolipira za mwezi ndi mwezi zizichoka zokha kubanki, pakhale munthu mmodzi yekha wololedwa kutapa ndalama, thandizo la achibale likhale ndi malire onenedwa poyera, ndipo malo asagulidwe mpaka mwini ndalama atawapondapo.

Kusungulumwa kukapanda kusamalidwa kumatulukira m'njira zoipa. Ena amathawira ku mowa, ena amadzipatula n'kusiya kudya ndi anzao. Choipitsitsa ndi kugona ndi akazi a m'deralo posinthana ndi ndalama kapena chakudya. Lamulo la United Nations limaletsa zimenezi kotheratu, limaletsanso kugona ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo wopezeka amabwezedwa kwao kukayankha mlandu. MINUSCA inadetsedwa kale mbiri ndi milandu yotere ya asilikali a maiko ena. Mayi wothawa nkhondo amene alibe chodyetsa ana sanganene kuti ayi momasuka, ndipo kupukwa kwa msilikali sikungakhale chodzikhululukira. Zimene zimagwira anthu kuti asagwe n'zooneka zazing'ono: mpira wamadzulo, kwaya ya Lamlungu, nsolo kapena drafuti pansi pa mtengo, kumeta ndi kuchapa pa tsiku lake, ndi sajeni amene amazindikira kuti uje wasiya kuseka masiku atatu.

Miyezi iwiri yomaliza ndi yoopsa mwa njira yake. Thupi lili ku Vakaga koma maganizo afika kale ku Lusaka, munthu akuwerenga masiku, ndipo amayamba kunyozera zinthu zimene ankazisamala poyamba. Tsiku lobwera likasunthidwa, zimene zimachitika ndege kapena gulu lodzalandira likachedwa, mtima umagwa kuposa mmene unagwera ponyamuka. Kunyumba ndi bwino kuuza ana mwezi, osati tsiku.

Akafika, mankhwala a malungo sathera pabwalo la ndege. Doxycycline ndi mefloquine amapitirizidwa masabata anayi, ndipo akatentha thupi m'miyezi yotsatira akayezetse n'kunena kumene anali, chifukwa achipatala a mu Lusaka sangaganizire malungo msanga. Tulo timatenga nthawi kuti tibwerere m'malo mwake. Kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, kukhala moyang'ana kukhomo m'basi kapena m'tchalitchi, kusafuna phokoso la alendo, zonsezi n'zachibadwa m'masabata oyamba. Zikapitirira mwezi, makamaka ngati pali maloto obwerezabwereza, ukali kapena mowa wochuluka, akaonane ndi madokotala ku Maina Soko kapena ku Chainama, ndipo mkazi kapena mbale angathe kumuperekeza.

Pakhomo naponso pasintha. Mayi wayendetsa nyumba yekha chaka chathunthu, wadziwa kukambirana ndi mwini nyumba ndi aphunzitsi, ndipo sangangobweza zonse tsiku limodzi ngati kuti ankangosungira. Msilikali wamkazi amapeza mwana atazolowera agogo kapena azakhali. Mwana amene anasiyidwa akukwawa amapezeka akuyenda, ndipo mlendo wovala yunifolomu akatambasula manja amathawira kumbuyo kwa chitenje cha amake. Osamukakamiza, osamunyamula mwadzidzidzi. Kholo livule yunifolomu, likhale pansi pamphasa, lizilankhula ndi ena mawu amene mwanayo ankawamva pafoni, ndipo limusiye abwere yekha, kaya patenga masiku atatu kaya sabata.